Galu Pakhomo la Golosale: Zimene Lamulo Likunena kwa Anthu a ku Lupaso

Ku Lupaso, monganso ku Luwinga, ku Nkhorongo ndi madera ena a mzinda wa Mzuzu, golosale siikhala patali ndi nyumba ya mwini wake. Nthawi zambiri imakhala chipinda chakumaso cha nyumbayo, apo ayi kanyumba kogundana ndi mpanda, zenera lake litapenya kumsewu. Kuseri kwa mpanda kuli banja, kuli nkhuku, ndipo kawirikawiri kuli galu. Galuyo ndi mlonda. Munthu amene anathyoleredwapo sitolo usiku, n'kudzuka m'mawa kupeza mashelefu ali mbee, safunsa chifukwa chimene mnzake akuwetera galu waukali. Koma amene amafika pazenera lija m'mamawa si wakuba. Ndi mwana wa zaka 6 kapena 7 amene watumidwa mchere, machesi ndi kapaketi ka shuga, ndalama ataifumbata m'manja, nkhope yake ili pamsinkhu umodzi ndi kamwa la galu.

Ku London kapena ku Johannesburg anthu akamakangana za agalu m'masitolo, amanena za munthu wobwera kudzagula atagwira galu wake pachingwe. Kwathu kuno agalu a pasitolo alipo a mitundu itatu: wa mwini sitolo, amene anamasulidwa usiku ndipo aiwala kumumanga kutacha, wotsatira mbuye wake pokagula, n'kugona pakhomo penipeni, ndi woyendayenda wopanda womulondola, amene amazungulira pabutchala, pachiwaya ndi pamalo owotchera kanyenya kudikira chogwa. Onsewa amaluma. Mzuzu unali ndi anthu oposa 220,000 pa kalembera wa 2018, ndipo malo amene kale anali minda lero ndi mapuloti ogundana. Galu amene m'mudzi ankadziwa aliyense wodutsa, m'tauni amakumana ndi nkhope zachilendo tsiku lonse.

Maganizo anga ndi akuti nthawi ya malonda galu asapezeke m'sitolo kapena pakhomo pake, makamaka pamene pakugulitsidwa zakudya. Pali galu mmodzi yekha amene ndimupatula, ndipo ndimutchula posachedwa.

Ndani ali ndi mphamvu pakhomo

Palibe lamulo limene limapatsa munthu ufulu wolowa ndi galu m'sitolo ya mwini. Wogulitsa akanena kuti “galuyo atsale kunja, ndipo atalikire,” sanalakwire aliyense. Ndime 20 ya malamulo aakulu a dziko lino, amene tinayamba kuyendera mu 1994, imaletsa kusala munthu chifukwa cha mtundu, khungu, chilankhulo, chipembedzo, ulumali ndi zina zotero. Imateteza anthu, osati ziweto zawo.

Pamalo ogulitsa zakudya nkhani imapitirira pa kufuna kwa mwini. Lamulo la zaumoyo wa anthu, Public Health Act, limaletsa uve umene ungaike moyo wa anthu pachiswe, ndipo lamulo la maboma ang'onoang'ono la 1998 limapatsa makhonsolo mphamvu zopanga malamulo awoawo oyendetsera mizinda. N'chifukwa chake khonsolo ya mzinda wa Mzuzu imapereka ziphaso za malo a bizinesi, ndipo oyendera zaumoyo ake amakhoza kufika pabutchala kapena pamalo odyera kudzaona ukhondo. Galu wogona pansi pa tebulo lodulirapo nyama ndi nkhani yoti mungathe kukaisiya kwa iwo, ngakhale asanalume munthu. Mukafuna kudziwa zimene malamulo a khonsolo akunena pa zoweta nyama mumzinda, muli ndi ufulu wokafunsa ndi kupatsidwa. Ndime 37 ya malamulo aakulu ikutero, ndipo lamulo la Access to Information Act, limene linayamba kugwira ntchito mu 2020, linaika njira yofunsira.

Galu wopatulidwa uja ndi wophunzitsidwa kutsogolera munthu wosaona. M'Malawi agalu otere ndi osowa. Abale athu ambiri osaona amayenda ndi ndodo yoyera kapena ndi wowatsogolera. Koma tsiku lina mmodzi adzafika pakhomo panu, mwina mlendo. Galu wotero amagwira ntchito ya maso a mwini wake, ndipo kumubweza ndiko kubweza munthuyo. Lamulo la anthu aulumali la 2024, limene linalowa m'malo mwa lija la 2012, limakana zosala munthu pa malo ndi ntchito zimene anthu onse amafikirapo. Ku Britain, pansi pa lamulo la Equality Act la 2010, wasitolo wobweza munthu chifukwa cha galu womutsogolera amatha kuimbidwa mlandu watsankho.

Ola loyamba

Galu akaluma, anthu amathamangira kwa mwini galu. Mawu amakwera, anthu amaunjikana, wina watola mwala, ndipo mwana wolumidwayo ali chiimire, magazi akuyenderera mpaka m'chidendene. Mlandu udikire. Choyamba ndi madzi ndi sopo.

Tsukani balalo ndi madzi ambiri oyenderera ndi sopo kwa mphindi 15 zathunthu. Sopo wochapira yemweyo wa pashelefu akwanira. Mphindi 15 ndi zambiri kwa mwana amene akulira, koma kutsukako kumachotsa tizilombo tambiri tisanalowe m'mitsempha. Osamanga balalo mothinitsa, osathirapo mchere, dothi kapena zitsamba. Pali ena amawotcha ubweya wa galu woluma n'kupaka pabala. Zimenezo sizitchinga chiwewe, zimangochedwetsa ulendo wa kuchipatala. Mukatsuka, pitani tsiku lomwelo. Anthu a ku Lupaso ali ndi mwayi woti chipatala chachikulu cha Mzuzu Central chili ku Luwinga, pafupi, ndipo m'tauni muli chipatala chaching'ono cha Mapale. Tengani kabuku ka kuchipatala, ndipo pemphani kuti alembemo bwino tsiku, malo a bala ndi kukula kwake. Zolembazo ndi umboni wanu wa mawa.

Chimene tikuthamangira ndi chiwewe. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati matendawa amapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, ambiri a mu Africa ndi Asia, ndipo pafupifupi onse amawatenga kwa agalu. Mwa anthu 10 alionse ofa nawo, 4 amakhala ana osafika zaka 15. Kuopsa kwake n'koti amabisala. Bala limapola, banja limaiwala, ndipo pakapita miyezi iwiri kapena itatu, nthawi zina sabata imodzi yokha, nthawi zina chaka, munthu amayamba kutentha thupi, kubalalika, kuopa madzi ngakhale ali ndi ludzu. Zizindikiro zikaoneka, kuchira kumakhala kulibe. Koma katemera wobaya munthu atangolumidwa amateteza, bola ayambidwe msanga ndi kumalizidwa pa masiku onse amene achipatala alemba. Mabala akuya, ndiponso a kumaso, m'khosi ndi m'manja, ndi ofunika changu choposa, ndipo achipatala amaonanso za kafumbata. Kukala kwa zikhadabo, kapena kunyambita pachilonda, nakonso n'kofunika kukanena. Kamwana kagalu kosewera nako ana kangathe kukhala ndi chiwewe.

Kawirikawiri achipatala amafuna kalata ya alangizi a ziweto, amene ambiri timawatcha a vetenale, yofotokoza za galu wolumayo. Pitaniko, chifukwa iwo ndi amene ali ndi mphamvu pa galuyo pansi pa lamulo la Control and Diseases of Animals Act. Mwini galu aonetse chiphaso cha katemera. Mawu apakamwa akuti “ameneyu ndi wobaya” si chiphaso. Galuyo amangidwe ndi kuyang'aniridwa kwa masiku 10. Akakhalabe wathanzi, ndiye kuti tsiku limene analuma malovu ake analibe chiwewe. Koma masiku 10 amenewo si oti wolumidwa akhale pakhomo kudikira. Zoti katemera ayambe kapena aime, anene ndi achipatala. N'zoona kuti nthawi zina katemerayu amasowa m'zipatala za boma, ndipo kwa ogulitsa mankhwala mtengo wake ndi wolemetsa banja wamba. Zikatero funsani kumene angapezeke tsiku lomwelo, ndipo sungani malisiti onse.

Mlandu ndi chipukutamisozi

Njira zilipo ziwiri, ndipo imodzi siitseka inzake.

Yoyamba ndi ya kupolisi. Malamulo a milandu, Penal Code, ali ndi gawo la zochita mosasamala zimene zingavulaze kapena kupha munthu, ndipo mmenemo muli kulephera kuchitapo kanthu pa ngozi yodziwikiratu imene nyama yako ingabweretse. Wosiya galu waukali ali womasuka pamene ana amabwera kudzagula angathe kuimbidwa mlandu umenewu. Wokhwirizira galu dala kuti alume munthu ali pamlandu wovulaza, monga ngati anagwiritsa ntchito chida. Munthu akafa chifukwa cha kusasamala koipitsitsa, mlandu ungathe kufika pa kupha mosakonzekera. Bwalo likamupeza wolakwa, lili ndi mphamvu yolamula kuti apereke chipukutamisozi kwa wovulalayo, pamwamba pa chilango. Kukadandaula kupolisi n'kwaulere.

Yachiwiri ndi kukasuma nokha kubwalo kufuna chipukutamisozi: ndalama za mankhwala, za mayendedwe, za masiku amene simunagwire ntchito, ndiponso za ululu ndi zipsera. Mwana amasumiridwa ndi kholo kapena womulera. Pa milandu ya kuvulala, lamulo limapereka zaka 3 zoti munthu asume, koma umboni suchedwa kumwazika: mboni zimasamuka, galu amagulitsidwa. Amene sangakwanitse kulipira loya apite ku Legal Aid Bureau, yomwe ili ndi ofesi ku Mzuzu konkuno.

Apa pali mfundo imene ndikufuna tiigwire bwino, chifukwa ndi imene imagwetsa kapena kuimika milandu yambiri. Mabwalo athu amatsatirabe mfundo zambiri za malamulo a ku England zimene zinalowa m'dziko muno mu 1902. Mwa mfundozo, mwini galu amapezeka ndi mlandu m'njira ziwiri: ngati ankadziwa kale kuti galu wake ali ndi khalidwe loluma kapena lofuna kuluma anthu, kapena ngati sanasamale monga munthu wanzeru akanasamalira. Njira yoyambayo ndi yamphamvu. Mwini akadziwa, sangadzitchinjirize ponena kuti anayesetsa; galuyo akaluma, udindo ndi wake. Tsono funso la kubwalo limakhala lakuti: kodi ankadziwa?

Ife timakhala chete pa zizindikiro zoyamba. Galu wathamangitsa mwana mpaka kugwa, wang'amba chitenje cha mayi wogulitsa masamba, wagwira thalauza la wakabaza, ndipo timangoti “ndi anansi, tisayambane.” Mawa akaluma kwenikweni, mwini amaima n'kunena kuti galu wake sanachitepo zotere chibadwire, ndipo palibe chomutsutsira. Galu akaonetsa khalidwe lotere, kamuuzeni mwini wake mwaulemu, pamaso pa anthu awiri kapena atatu. Kauzeninso amfumu kapena mtsogoleri wa dera, ndipo pemphani kuti alembe tsiku. Uthenga wa pafoni nawonso ndi umboni. Kuchita zimenezi si udani. Akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo mwana amene mukumuteteza mwina ndi wa mwini galu yemweyo. Eni agalu ambiri akauzidwa bwino amagula unyolo, nkhani n'kuthera pomwepo.

Abale athu amene ali ku South Africa, ambiri ogwira ntchito m'minda ya maluwa ndi m'nyumba za anthu, adziwe kuti lamulo la kumeneko ndi lokhwima kuposa pamenepa. Mwini galu amalipira ngakhale popanda umboni woti ananyalanyaza. Mu 2020 bwalo la apilo la dzikolo linatsimikiza zimenezi pa mlandu wa Van Meyeren ndi Cloete. Bambo Cloete, amene ankadya za maganyu a m'minda ndi kutola zinyalala, anagwidwa ndi agalu atatu mumsewu ku Port Elizabeth mu 2017, mpaka mkono unadulidwa. Mwini agalu anati wina ndiye anatsegula geti. Bwalo linati udindo unali wakebe.

Nanga wasitolo, ngati galu si wake? Munthu amene watsegula khomo n'kuitana anthu kuti adzagule ali ndi udindo wosamala kuti asavulale pamalo pake ndi ngozi imene iye akuiona. Galu wodutsa akaluma mwadzidzidzi, n'kovuta kumuimba mlandu wasitolo. Koma ngati galuyo amagona pakhonde lake tsiku ndi tsiku, amamuponyera mafupa, ndipo anthu anadandaulapo, wasitolo sangasambe m'manja ponena kuti galuyo alibe mwini. Kudyetsa galu pamalo amodzi tsiku lililonse ndiko kumuuza kuti malowo ndi ake oteteza.

Chikwangwani cha pageti chakuti “Chenjerani ndi agalu” n'chothandiza, koma sichifafaniza udindo. Mwana wa sitandade 1 sawerenga, ndipo simungaitane anthu kudzagula ndi dzanja limodzi kwinaku mukuwauza kuti akalumidwa ndi zawo. Chikwangwanicho chingathenso kusonyeza bwalo kuti munkadziwa ukali wa galu wanu. Kumbali ina, lamulo silikondera wolumidwa nthawi zonse. Wogenda galu, womukoka mchira, wolowa m'khola la galu woyamwitsa, angapatsidwe zochepa kapena kubwerako chimanjamanja. Wakuba wodumpha mpanda usiku sangayembekeze zofanana ndi kasitomala wa masana.

Wantchito wa m'sitolo kapena mlonda amene walumidwa ndi galu wa abwana ali pantchito ali ndi njira ina yowonjezera. Lamulo la Workers' Compensation Act la 2000 limati wovulala pantchito alipiridwe ndi womulemba, ndipo nkhani zotere zimakanenedwa ku ofesi ya zantchito. Ambiri amaopa kuchotsedwa, ndiye amangomanga nsanza pabala n'kupitiriza kulondera. Chiwewe sichiyang'ana zimenezo.

Tinene zoona: milandu yambiri ya agalu siifika kubwalo. Imathera pabwalo la amfumu kapena pakati pa mabanja awiri, ndipo palibe choipa pamenepo ngati bala ndi laling'ono ndipo onse agwirizana mwa kufuna kwawo. Chimene ndingapemphe n'choti mgwirizanowo ulembedwe ndi kusainidwa pamaso pa mboni, ndipo uphatikize katemera yense mpaka womaliza, mayendedwe a ulendo uliwonse, ndiponso zimene mwini achite ndi galuyo. Musalandire ndalama ya tsiku limodzi n'kuvomera kuti nkhani yatha pamene chithandizo changoyamba.

Tameki si chilungamo

Mkwiyo wa kholo limene mwana wake walumidwa ndi womveka. Koma kuponya nyama yothira tameki kuseri kwa mpanda ndi kupalamula. Galu ndi katundu wa mwini, ndipo lamulo la Protection of Animals Act limaletsa nkhanza kwa nyama. Poizoniyo sasankhanso: amapha galu wosalakwa, mphaka, nkhuku zimene wina adzadya, ndipo mwana wokwawa angathe kutola. Kudziteteza galu akukulumphira ndi nkhani ina, ndipo lamulo limalola. Kubwezera pambuyo pake silimalola. Komanso kupha galu wooneka wathanzi kumataya mwayi womuyang'anira masiku 10 aja. Ngati galu wokayikitsa, wotuluka dovu, woluma chilichonse kapena wofooka miyendo mwadzidzidzi wafa kapena waphedwa, musamugwire ndi manja, musaphwanye mutu, ndipo itanani a vetenale, chifukwa chiwewe amachiyeza mu ubongo.

Boma lili ndi njira yake. Chiwewe chikabuka, a zaziweto pamodzi ndi khonsolo amalengeza lamulo loti agalu onse amangidwe kwa nthawi yoikika, ndipo wopezeka akuyendayenda amawomberedwa. Mukamva chilengezo chotere, mangani galu wanu. Mukamulekerera, mlandu ndi wanu. Komabe akatswiri a matendawa amagwirizana kuti kuwombera pakokha sikuthetsa chiwewe. Agalu ena amabadwa, ena amabwera kuchokera kumidzi yozungulira. Chimene chimadula matendawa ndi kubaya katemera agalu osachepera 70 mwa 100 alionse m'dera, chaka ndi chaka.

Umboni wake uli m'dziko mwathu momwe muno. Madokotala a ana pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre anachenjeza za kuchuluka kwa ana ofa ndi chiwewe. Mu 2015 bungwe la Mission Rabies, mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za ziweto, linabaya agalu oposa 35,000 mumzindawo m'masiku 20 ogwira ntchito, ena pamalo oikika monga pasukulu, ena khomo ndi khomo. Anabwereza chaka ndi chaka, akuphunzitsanso ana m'sukulu, ndipo chiwerengero cha ana ofika pachipatalapo ndi chiwewe chinatsika kwambiri. Ku Lilongwe bungwe la LSPCA limagwira ntchito yofanana, kuphatikizapo kufula agalu kuti asaswane mopanda malire. Mayiko, kudzera ku WHO ndi mabungwe anzake, anagwirizana kuti pofika 2030 pasakhalenso munthu wofa ndi chiwewe chochokera kwa galu.

Choncho wasitolo wa ku Lupaso amene akufunabe mlonda wake sakuletsedwa. Amange khola kuseri, kutali ndi njira ya ogula. Galu alowe m'kholamo sitolo isanatsegulidwe, atuluke itatsekedwa, ndipo geti la pakati pa nyumba ndi sitolo likhale ndi loko amene mwana sangatsegule. Galu womangidwa padzuwa tsiku lonse, wopanda madzi ndi mthunzi, amalusa kwambiri, ndipo zimenezonso ndi nkhanza imene lamulo limaletsa. Wabutchala ndi wachiwaya aziika zotsalira m'chigubu chotsekera m'malo moponya kuseri. Chiphaso cha katemera chisungidwe pamodzi ndi chiphaso cha bizinesi. Wopita kukagula amange galu wake pakhomo asananyamuke, ndipo ana aphunzitsidwe kuti galu akawayandikira asathawe kapena kukuwa, aime chilili, manja atawapinda pachifuwa, osamuyang'ana m'maso.

Kwa khansala wa dera ndi komiti ya chitukuko, anthu a ku Lupaso ali ndi mafunso oti afunse pamsonkhano: katemera wa agalu adzafika liti kuno, adzachitikira pati, ndipo alengeza bwanji kuti ogwira ntchito masana amve, munthu akaona galu wokayikitsa aimbire nambala iti, zinyalala za pamalo a malonda zichotsedwa kangati pa sabata. Tsiku lokumbukira chiwewe padziko lonse ndi 28 Seputembala, tsiku limene Louis Pasteur, amene anayesa katemera wake pa munthu koyamba mu 1885, anamwalira mu 1895. A zaziweto amakonda kuchita kampeni ya katemera chapafupi ndi nyengo imeneyo, choncho kalata ya dera yopempha malo obayira iyenera kufika kukhonsolo miyezi ingapo tsikulo lisanakwane, ili ndi mayina a malo amene anthu asankha ndi chiwerengero cha agalu amene atsogoleri a dera awerenga khomo ndi khomo.